Ntchito yoyeza mitundu ya pulinta: zimene ndinapeza nditatumiza masamba anga ku Johannesburg

Mayi wina amene ndinajambula chinkhoswe cha mwana wawo anabwera kudzatenga zithunzi Loweruka m'mawa, ndipo atatsegula envulopu anayang'anitsitsa chithunzi chachikulu kwa nthawi yaitali osalankhula kanthu. Kenako anachiika patebulo n'kunena kuti, "Achimwene, mwana wangayu munamuona nokha tsiku lija, si wofiira chonchi." Ankanena zoona. Pa sikirini ya kompyuta yanga khungu la mtsikanayo linali lake lenileni, lakuda ndi losalala, koma papepala anatuluka ngati wadzola katondo, ndipo chitenje chapapo chimene banja lonse linasoketsa chinasanduka chabuluu wodera. Nditachepetsa kufiirako n'kusindikizanso, khungu linakhalako bwino koma malaya oyera a mnyamata anayamba kubiriwira. Tsiku limenelo ndinawononga mapepala asanu ndi limodzi aakulu, ndipo palibe limodzi limene ndikanalipereka ndi mtima wonse.

Chimenechi n'chimene chinandichititsa kufunafuna anthu oyeza mitundu ya pulinta. Mnzanga wina wa ntchito yomweyi anandilozera ku kampani yaing'ono ya ku Johannesburg imene imalandira masamba oyesera kuchokera kutali, n'kuwayeza ndi chida, kenako n'kutumiza pa imelo fayilo yotchedwa profile ya ICC, yothandiza pulinta kutulutsa mitundu yolondola. Ndagwiritsa ntchito profile imeneyo kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndikuona kuti nthawi yakwana yoti ndinene mmene ntchito yawo ilili, zabwino zake ndi zopinga zake.

Ndiyambe ndi kuyeretsa dzina la makina anga. Ndimasindikizira pa Epson L1800, pulinta yolandira mapepala mpaka kukula kwa A3+ imene imagwiritsa ntchito inki zisanu ndi imodzi: yakuda, yachikasu, cyan, magenta, ndiponso cyan ndi magenta zopepuka. Makinawo alibe mlandu pa nkhaniyi. Wopanga pulinta amaikamo ma profile oyenerera inki yake ndi mapepala ake, koma ine, monga ambiri a ife, ndinkathira inki yogula mosavuta m'tauni n'kumasindikiza pa mapepala onyezimira amene dzina lawo silipezeka pa mndandanda wa pulintayo. Kompyuta inkalamula mitundu poganiza kuti pansi pali inki ndi pepala zimene ikuzidziwa, pamene zenizeni zinali zina.

Kuti munthu aone ngati ndalama zake zikupita pabwino, ayenera kumvetsa chimene akugula. Chithunzi cha m'kompyuta ndi manambala chabe, atatu pa kadontho kalikonse, osonyeza kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi buluu. Manambala amenewa ali ngati chigoba choyezera chimanga pamsika: aliyense amati "chigoba chimodzi", koma cha uyu n'chophwanyika m'mbali ndipo cha uyo n'chodzaza mpaka kusefukira. Kamera, sikirini ndi pulinta zimamva nambala yomweyo mosiyana. Choncho pamafunika sikelo imodzi imene onse aigwirizana, ndipo sikelo imeneyo ndi muyeso wa mitundu wa bungwe la CIE, loona za kuwala ndi mitundu padziko lonse, makamaka wotchedwa Lab umene unakhazikitsidwa mu 1976 potengera mmene diso la munthu limaonera. Mu 1993 makampani asanu ndi atatu, kuphatikizapo Adobe, Apple, Kodak, Agfa ndi Microsoft, anapanga bungwe la International Color Consortium (ICC) kuti pakhale mtundu umodzi wa fayilo yofotokoza chigoba cha chida chilichonse pa sikelo imeneyo. Profile ya pulinta ndi fayilo yotero. Imanena kuti pulinta iyi, ikathira inki iyi papepala ili, nambala yakutiyakuti imabereka mtundu wakutiwakuti, ndipo imanenanso mobwerera kuti mtundu wakutiwakuti ukafunika, pulinta ipatsidwe nambala iti.

Nditalipira, ananditumizira pa imelo mafayilo a TIFF okhala ndi timabokosi ta mitundu 918, pamodzi ndi malangizo a masamba awiri. Gawo ili la ntchito limagwera kasitomala, ndipo ndi pamene ambiri amapunthwa. Masambawo ayenera kusindikizidwa popanda pulogalamu iliyonse kukhudza mitundu, chifukwa cholinga n'kuona khalidwe lenileni la pulinta isanaphunzitsidwe mwambo. Photoshop inachotsa njira yosindikizira motero kuyambira pa CS5 mu 2010, choncho anandiuza kuti ndigwiritse ntchito kapulogalamu kaulere ka Adobe Color Printer Utility, ndiponso kuti ndizimitse kukonza mitundu kulikonse m'pulogalamu yoyendetsa pulinta. Anatsindikanso kuti ndilembe papepala mtundu wa pepala umene ndasankha m'pulogalamuyo ndi mlingo wa kusalala kwa chosindikiza, chifukwa zimenezi n'zimene zimalamula kuchuluka kwa inki yogwera papepala, ndipo munthu akadzazisintha mawa profile yake imasanduka yabodza. Masambawo sayenera kukulitsidwa kapena kuchepetsedwa, ndipo ayenera kuuma kwa maola 24 asanalongedzedwe, popeza inki, makamaka ya dye ngati yanga, imasinthabe mtundu pamene ikuuma. Ndinawayanika pamwamba pa kabati, kutali ndi fumbi ndi dzuwa, kenako ndinawaika pakati pa makatoni awiri olimba n'kuwatumiza.

Patapita masiku angapo ndinalandira uthenga umene unandikwiyitsa. Katswiri wawo analemba kuti sayeza masambawo, chifukwa m'timabokosi ta pinki ndi totuwa munali timizere topyapyala tosonyeza kuti timabowo tina totulutsira magenta yopepuka tinali totsekeka. Anatumiza chithunzi chokulitsidwa, ndipo nditayang'ana masamba otsala amene ndinasunga, timizereto tinalipodi, ngakhale kuti munthu sakanationa popanda kuyandikira pawindo. Zinatanthauza kutsuka mutu wa pulinta, kusindikiza tsamba loyesa timabowo mpaka litatuluka lopanda mpata, kusindikizanso masamba onse, kudikiranso tsiku lathunthu, ndi kulipiranso otumiza katundu. Panthawiyo ndinaona ngati akungondivutitsa. Lero ndimaona kuti pa zonse zimene anandichitira, kukana kumeneku n'kumene kunali kofunika kwambiri. Chida choyezera sichifunsa mafunso. Chikanawerenga mitundu ya pulinta yodwala n'kuilemba ngati choonadi, ndipo tsiku limene timabowoto tikanatseguka, zithunzi zonse zikanayamba kutuluka zofiira kuposa kale. Munthu wongofuna ndalama akanayeza n'kutumiza fayilo, ine osadziwa kanthu.

Ulendo wachiwiri masamba analandiridwa. Anawayeza ndi spectrophotometer ya X-Rite i1Pro, chida chimene chimawalitsa kabokosi kalikonse n'kuwerenga kuwala kobwerera kuyambira pa mananomita 380 mpaka 730 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), kutanthauza kuyambira kumalire a papo mpaka kumalire a kufiira. Kusiyana kwa chida chotere ndi diso langa n'kwakuti icho sichitopa madzulo ndipo sichinyengedwa ndi mtundu wa khoma la chipinda. Profile inafika pa imelo pamodzi ndi lipoti lalifupi la manambala otchedwa Delta E, amene amasonyeza kutalikirana kwa mtundu wofunidwa ndi mtundu wotuluka. Mwachidule, nambala ikakhala pafupi ndi 1 diso limavutika kuona kusiyana, ndipo ikamakwera kusiyanako kumaonekera kwa aliyense. Pa lipoti langa manambala anali otsika pa mitundu yambiri, koma anakwera pa buluu wodera ndi papo wowala, ndipo katswiriyo analemba mosabisa kuti pamenepo ndi pamene inki yanga ndi pepala langa zimathera mphamvu.

Kuika profile m'kompyuta sikunatenge mphindi ziwiri. Pa Windows munthu amangodina fayiloyo ndi batani lakumanja n'kusankha kuiika, ndipo pa Mac imapita m'foda ya ColorSync. Chithunzi choyamba chimene ndinasindikiza chinatuluka chapinki moopsa, ndipo mtima unangoti myuu, koma cholakwa chinali changa: ndinauza Photoshop kuti iyendetse mitundu ndi profile yatsopano, n'kuiwala kuzimitsa kukonza kwa pulinta, choncho mitundu inakonzedwa kawiri. Malangizo awo anali atachenjeza za zimenezi m'mizere yomaliza imene sindinawerenge.

Nditakonza pamenepo ndinasankha zithunzi zimene ndimadziwa kuti zimavuta. Choyamba chinali cha chinkhoswe chija. Khungu linatuluka mmene liyenera kukhalira, ndipo chimene chinandisangalatsa kwambiri n'chakuti anthu asanu oima pamodzi, wina woderapo, wina woyererapo, aliyense anasunga khungu lake m'malo mokokedwera ku mtundu umodzi wofiirira. Kwa ife amene makasitomala athu ambiri ndi akhungu lakuda, apa ndi pamene ntchito imaimira kapena kugwera, chifukwa kusiyana kwa nkhope ndi nkhope kumakhala m'mitundu yodera, momwe pulinta yosayezedwa imathira inki yambiri n'kuphimba zonse. Chachiwiri chinali cha amayi a Mvano ali pamzere kunja kwa tchalitchi, malaya ndi maduku oyera, masiketi akuda, dzuwa lili paliwombo. Kale malayawo ankatuluka oyera mbee opanda mapindo, kapena otuwa mobiriwira, ndipo masiketi ankangokhala chimdima chimodzi. Tsopano mapindo a duku ankaoneka, ndipo munthu ankatha kuona pamene siketi ya mayi uyu yathera ndi pamene ya mnzake yayambira. Chachitatu chinali chithunzi chopanda mitundu cha agogo ena a kumudzi kwathu. Zithunzi zotere n'zimene zimaulula pulinta, popeza yanga imapanga kutuwa posakaniza inki zamitundu, ndipo ikaphonya pang'ono mbali yowala imapita ku pinki pamene yodera ikupita kobiriwira. Ndi profile yatsopano kutuwako kunayenda mofanana kuyambira pa imvi mpaka pamthunzi wa kukhosi. Minda ya tiyi ya ku Mulanje nayo inabwerera kubiriwira kwake, m'malo mwa kubiriwira kwachikasu kumene ndinali nditayamba kukuzolowera.

Chitenje chapapo chija sichinafike pamene chili pa sikirini, ndipo maluwa a jakaranda amene ndinajambula mu Okutobala anachitanso chimodzimodzi. Apa m'pofunika kunena chilungamo kwa aliyense woganiza zolipira ntchito imeneyi. Profile siwonjezera mtundu umene inki ilibe. N'chifukwa chake makina okwera mtengo monga Epson SureColor P900 ali ndi inki khumi, imodzi mwa izo ya violet. Chimene profile imachita n'kusankha mtundu wapafupi kwambiri mwa imene ilipo, ndiponso kukuonetsa zimenezo usanawononge pepala. Mu Photoshop ndi mu Lightroom muli njira yoonera chithunzi pa sikirini kudzera m'profile ya pulinta, ndipo ndikaitsegula ndimaona papoyo akuzilala pamaso panga. Pamenepo ndimasankha pakati pa njira ziwiri zomasulira mitundu. Ya relative colorimetric imasiya mitundu yokwanitsika mmene ilili n'kudula yosakwanitsikayo pamalire, ndipo ndimaikonda pa nkhope za anthu, nditatsegula black point compensation kuti mithunzi isatsekeke. Ya perceptual imapanikiza mitundu yonse pang'ono kuti yowala kwambiri ipeze malo, ndipo ndi imene inasunga maluwa a pachitenjecho kuti asasungunuke n'kukhala banga limodzi. Mayi aja atabweranso anatuluka nacho chithunzicho pakhonde, n'kuchiyang'ana padzuwa, ndipo anangoti mwanayo ndi yemweyo tsopano, koma chitenje chinali chowalapo kuposa apa. Sindinatsutse.

Tsopano zopinga. Chachikulu n'chakuti kampaniyo inayeza pulinta koma sinandifunse chilichonse za sikirini. Mitundu itakhala bwino, zithunzi zinkatulukabe zoderapo kuposa mmene ndinkazionera pakompyuta, ndipo ndinatsala pang'ono kuwalembera kalata yodandaula. Nditawafunsa anayankha mwachangu kuti mwina sikirini yanga ikuwala mopitirira. Zinalidi choncho. Masikirini ambiri amachokera kufakitale akuwala kwambiri kuti akope maso m'sitolo, pamene wokonza zithunzi zosindikiza amafunika kuwala kwa pakati pa makandela 80 ndi 120 pa sikweya mita (umu ndi mmene kuwala kwa sikirini kumayezedwera). Sikirini ikawala mopitirira, munthu amadetsa chithunzi kuti chioneke bwino, ndipo pepala, lomwe lilibe nyale kumbuyo kwake, limalandira mdima wonsewo. Ndinabwereka chida choyezera sikirini chotchedwa Datacolor Spyder kwa mnzanga uja, n'kutsitsa kuwala kufika pafupi ndi makandela 100, ndipo kusiyanako kunatha. Yankho lawo linali lolondola, koma linayenera kukhala m'ndime yoyamba ya malangizo, osati kudikira kasitomala akhumudwe kaye.

Chachiwiri chikukhudza kuwala koonera zithunzi. Ma profile a ICC amamangidwa poganiza kuti chithunzi chidzaonedwa pa kuwala kotchedwa D50, kofanana ndi kuwala kwa masana, ndipo muyezo wa ISO 3664 umanena kuti poyerekezera mosamalitsa pafunika kuwala kwa malakisi 2000 (lakisi ndi muyeso wa kuwala kogwera pa chinthu). Palibe kasitomala wanga amene ali ndi nyale yotero pabalaza. Zithunzi zathu zimapachikidwa pansi pa babu la LED lotsika mtengo, kapena moyang'anizana ndi windo, ndipo magetsi akazima zimaonedwa pa tochi ya foni. Kuwonjezera apo, mapepala onyezimira otsika mtengo amathiridwa mankhwala owalitsa amene amamwa kuwala kwa ultraviolet n'kukutulutsa ngati buluu, kotero pepala limaoneka loyera kwambiri panja koma lachikasu pang'ono m'nyumba. Muyezo wa ISO 13655 uli ndi njira zosiyana zoyezera, M0, M1 ndi M2, zimene zimasiyana pa mmene zimachitira ndi ultraviolet ameneyu. Sanandifunse kumene zithunzi zanga zimakathera, ndiponso sanalembe pa lipoti njira imene anagwiritsa ntchito mpaka nditafunsa. Kwa munthu amene sadziwa kuti funso lotero lilipo, mwayi wosankha umangodutsa.

Zina n'zazing'ono koma zimawawa m'thumba. Malangizo analembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo zithunzi zofotokozera zinali za pulinta ya mtundu wina, choncho ndinathera madzulo athunthu ndikusaka kabatani kamene pa makina anga kali pa tsamba lina. Kulipira m'ndalama za rand kunafuna kudzera kwa m'bale wanga wokhala komweko. Mtengo wa ntchitoyo pawokha si woopsa, ndipo sunapose ndalama za mapepala ndi inki zimene ndinkataya pa miyezi iwiri, koma mtengo wotumizira masamba kawiri unatsala pang'ono kufanana nawo, ndipo kuchokera tsiku lolipira mpaka tsiku lolandira fayilo panadutsa pafupifupi mwezi. Amene ali ndi ukwati wofunika kupereka sabata yamawa asayembekeze kuti njira imeneyi imupulumutsa.

Pali chinthu chimodzi chimene si mlandu wa kampaniyo koma chimalamula ngati ntchitoyi ili yoyenera kwa inu. Profile ili ngati muyeso wa telala, womwe umakwana munthu mmodzi yekha: pulinta imodzi, inki imodzi, pepala limodzi, makonzedwe amodzi. Mukasintha chimodzi mwa zinayi, muyeso uja wapita. Ine ndinaziona patapita miyezi iwiri, pamene sitolo imene ndimagulako inabweretsa mapepala a dzina lomwelo, m'paketi yofanana, koma ochokera kwina. Ndinazindikira pogwira, chifukwa anali opyapyalako ndipo kuyera kwake kunali kozizira, ndipo nditasindikiza nkhope zinayambanso kusuntha, ngakhale osati ngati kale. Ndinayenda masitolo atatu kusaka otsala a mtundu wakale. Wojambula amene amagula inki ndi mapepala alionse amene apezeka tsiku limenelo adzataya ndalama zake pachabe, ndipo kampaniyo imalipiritsa pepala lililonse palokha.

Njira zina zilipo, ndipo n'koyenera kuziyerekeza. Makampani opanga mapepala apamwamba monga Hahnemühle, Canson ndi Ilford amapereka ma profile aulere pa intaneti, koma amayezedwa ndi inki yeniyeni ya wopanga pulinta ndiponso pa makina osankhidwa, kotero amathandiza amene sanasinthe inki. Amene amasintha mapepala kawirikawiri angachite bwino kugula chida chake, monga ColorChecker Studio ya Calibrite, kampani imene inatenga zida za ojambula za X-Rite mu 2021, chifukwa chidachi chimayeza sikirini ndi pulinta yomwe, ndipo munthu amatha kubwereza tsiku lililonse limene katundu wasintha. Kwa munthu mmodzi mtengo wake ndi wolemera, koma ojambula anayi kapena asanu a m'tauni imodzi atasonkherana ngati chipereganyu angachikwanitse, n'kumabwerekana. Palinso pulogalamu yaulere ya ArgyllCMS, yolembedwa ndi Graeme Gill wa ku Australia, imene imapanga ma profile abwino kwambiri, koma imafunabe chida choyezera ndiponso munthu wopirira kulemba malamulo ndi manja. Amene sasindikiza okha koma amakatsukitsa zithunzi kumalabu safunika ntchito imeneyi. Iwo ayeze sikirini, atumize mafayilo mu sRGB, muyeso umene HP ndi Microsoft anakonza mu 1996 ndipo malabu ambiri amauyembekezera, kenako afunse ngati labuyo ili ndi profile yake yoonera pa sikirini.

Kwa wojambula amene wakhazikika pa pepala limodzi kapena awiri, amene amatha kugula katundu wa miyezi ingapo nthawi imodzi, ndipo amagulitsa zithunzi zazikulu za m'mafelemu kapena maalubamu a ukwati, ntchito ya kampani imeneyi ndiyoyenera ndalama zake. Kuyeza kwawo n'kosamala, amayankha mafunso tsiku lomwelo, ndipo sananditamire chinthu chimene inki yanga singathe. Ndikanakonda akanalemba malangizo osavuta, akanafunsa za sikirini ndi za kuwala asanayambe, ndiponso akanalola kasitomala wakutali kutumiza kaye chithunzi cha foni cha tsamba loyesa timabowo asanalipire otumiza katundu. Ulendo uno ndachita zimenezo ndekha osadikira kuuzidwa. Masamba a pepala losanyezimira, limene ndikufuna kugwiritsa ntchito pa zithunzi zopanda mitundu, akuuma pamwamba pa kabati, ndipo pepala lonyezimira lija ndagula katoni yathunthu ya mtundu umodzi, n'kulemba pachivundikiro dzina la profile, inki imene ili m'matanki, ndi tsiku limene masamba ake anayezedwa.